MAINA A MBALAME ZATHU M'CHINGEREZI: AMAWASANKHA NDANI, NDIPO AMAWASINTHIRANJI?

Mwezi uno tikambirane za mbalame. Sitinena za kuzitchera ulimbo kapena za kuziingitsa m'munda, koma za maina ao, makamaka maina amene ana athu amawapeza m'mabuku a Chingerezi.

Nkhalamba za kuno zikumbukira kuti boma lathu la Mchinji linali kutchedwa Fort Manning, potsata dzina la William Manning, msilikali wa Angerezi amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Anzathu a ku Chipata nao boma lao linali Fort Jameson. Maiko awiriwa atalandira ufulu m'chaka cha 1964, maina aja anayamba kuchotsedwa: Port Herald anasanduka Nsanje, Fort Johnston anasanduka Mangochi, ndipo Cholo anakonzedwa kukhala Thyolo. Mapiri sanasunthe, ndipo mtsinje wa Bua sunaleke kuyenda, koma anthu anaona kuti dzina liri ndi kanthu. Tsono zimene zinachitikira maboma athu zikuchitikiranso mbalame, ndipo nkwabwino kuti makolo adziwe chifukwa chake.

Pumbwa mmodzi, maina atatu

Tiyambe ndi pumbwa, amene mwana aliyense amamdziwa, wakuba mapapaya ndi magwafa uja, wa mutu wakuda ndi nthenga zachikasu kunsi kwa mchira. Mphunzitsi wakale akatsegula buku lake adzakuuzani kuti pumbwa m'Chingerezi ndi Black-eyed Bulbul, ndiko kuti wa maso akuda. Mdzukulu wake akatsegula buku latsopano lochokera ku South Africa adzapeza Dark-capped Bulbul, ndiko kuti wa chipewa chakuda. Mlendo wina adzafika ndi buku lachitatu lomutcha Common Bulbul, ndiko kuti wopezeka ponseponse. Atatuwa angathe kutsutsana kufikira dzuwa kulowa, chikhalirecho palibe wonama pakati pao, ndipo pumbwa mwini wake ali pa mtengo kudya papaya.

Nkhwali nayo zinaigwera zomwezi. Nkhwali ya khosi lofiira inali kutchedwa Red-necked Francolin, koma mabuku ambiri a lero akuti Red-necked Spurfowl, chifukwa cha chala chakuthwa chiri kumbuyo kwa mwendo wake, chonga cha tambala. Palinso kambalame ka chifuwa chofiirira ndi mzere woyera pamwamba pa diso, kamene kamaimba mokoma m'zitsamba m'bandakucha. Kale anali kukatcha Heuglin's Robin, potsata Theodor von Heuglin, Mjeremani amene anayenda ku Sudan ndi ku Ethiopia namwalira m'chaka cha 1876. Lero kakutchedwa White-browed Robin-Chat, dzina lonena za nsidze zake zoyerazo.

M'mene maina aja anadzera

Kuti timvetse kusinthaku, tiyenera kudziwa poyamba kuti mbalame iriyonse m'mabuku iri ndi maina a mitundu iwiri. Loyamba ndi la Chilatini, la mau awiri, limene anzeru a maiko onse amagwirizanapo. Mwambo umenewu unakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo pa zinyama ndi mbalame amawerengera kuyambira pa buku lake la m'chaka cha 1758. Lamulo lake lalikulu ndi lakuti dzina limene linayamba kulembedwa ndilo likhala, lingakhale losakoma. Lachiwiri ndi dzina wamba la Chingerezi, limene liribe lamulo lolimba chotero. Ili amalisankha ndi olemba mabuku ndi mabungwe a anthu ophunzira za mbalame, ndipo ndilo limasinthasintha.

M'masiku a atsamunda, Azungu amene anali m'dziko lino anali kupha mbalame, kusenda zikopa zake pamodzi ndi nthenga, ndi kuzitumiza ku London kapena ku Berlin. Anzeru a kumeneko, akaona kuti mbalameyo sinalembedwepo, anali kuipatsa dzina, ndipo kawirikawiri anali kulemekeza nalo woitumizayo, kapena bwenzi, kapena mkulu wa boma. Motero Alexander Whyte, amene anagwira ntchito ya za mitengo ndi zamoyo ku Zomba kuyambira 1891, dzina lake liri pa mbalame yotchedwa Whyte's Barbet, ndiponso pa dzina la Chilatini la mkungudza wa ku Mulanje. Alfred Sharpe, bwanamkubwa, ali ndi Sharpe's Greenbul. Kachinkhwe kakang'ono kobiriwira ka m'nkhalango za tsanya ku Liwonde ndi ku Luangwa kanapatsidwa m'chaka cha 1894 dzina la mai wina wa ku England, Lilian Sclater, ndipo mpaka lero ena amakatcha Lilian's Lovebird, pamene ena amati Nyasa Lovebird.

Taonaninso nkhulukulu, mbalame yobiriwira ya tsumba, imene ikauluka imaonetsa mapiko ofiira ngati moto. Ya m'mapiri a kum'mwera, monga ku Mulanje ndi ku Zomba, imatchedwa Livingstone's Turaco. Ambiri amayesa kuti ndi David Livingstone, koma ai, ndi mng'ono wake Charles, amene anali naye pa ulendo wa pa Zambezi ndi Shire. Dzinalo linalembedwa m'chaka cha 1864. Ya kuno kumadzulo, ya tsumba lalitali koposa, imatchedwa Schalow's Turaco, potsata Herman Schalow, munthu wa ku Berlin amene ntchito yake inali ya kubanki, koma anali wokonda kuphunzira za mbalame. Tsono mwana wa ku Mkanda kapena ku Kamwendo, poloza mbalame imene makolo ake anaidziwa kuyambira kale lomwe, amatchula dzina la munthu wa ku Berlin. Kodi nkudabwa kuti ena ayamba kufunsa mafunso?

Komabe si maina onse anachokera kwa anthu. Ena amanena za mtundu wa nthenga, ena za kulira, ena za malo. Nantchengwa amatchedwa Hamerkop, mau a Chibunu onena kuti mutu wa nyundo, ndipo aliyense amene anaona mutu wa nantchengwa adzavomereza kuti dzinali ndi loona. Ndipo chokondweretsa nchakuti mau athu omwe analowa m'Chingerezi: mbalame zingapo za m'nkhalango za mombo, zonga zimene ziri m'mapiri a Mchinji ndi ku Dzalanyama, zimatchedwa ndi liu lakuti miombo. Imodzi mwa izo, imene kale inali Angola Rock Thrush, lero ndi Miombo Rock Thrush.

Zifukwa zitatu zosinthira

Chifukwa choyamba ndi kukula kwa nzeru. Nthawi zina anzeru amapeza kuti mbalame zimene anaziyesa mtundu umodzi ziri mitundu iwiri kapena itatu, pakumvetsera kulira kwake, ndi pakupima za m'thupi zimene amazitcha DNA. Nkhulukulu zija, ya Livingstone ndi ya Schalow, mabuku ena akale anaziphatikiza pamodzi ndi inzao ya ku South Africa monga mtundu umodzi. Zitalekanitsidwa, iriyonse inafunika dzina lakelake. Za pumbwa nazo ziri chomwecho: amene amati apumbwa onse a mu Africa ndi amodzi amalemba Common Bulbul, ndipo amene amapatula wathuyu amalemba Dark-capped Bulbul. Apa palibe wolakwira mnzake, pakuti aliyense akutsata m'mene akuonera ubale wa mbalamezo.

Chifukwa chachiwiri ndi kufuna kumvana. Kale mbalame imodzi inali ndi dzina lina ku Nairobi, lina ku Johannesburg, linanso ku London. Ku South Africa nkhulukulu anali kuitcha Lourie, pamene kum'mawa kwa Africa anali kuti Turaco. Mbalame ya maso akulu yoyenda usiku m'mbali mwa madzi ena anali kuitcha Dikkop, ena Thick-knee. Dziko lathu, pokhala pakati, linali kulandira mabuku a mbali zonse ziwiri, ndipo chisokonezo chinali chachikulu. Buku lotchuka la mbalame za kum'mwera kwa Africa, limene Austin Roberts anayamba kulitulutsa m'chaka cha 1940, litasindikizidwa kachisanu ndi chiwiri m'chaka cha 2005 linasintha maina ambiri kuti agwirizane ndi a maiko ena. Chaka chotsatira, 2006, Frank Gill ndi Minturn Wright anatulutsa buku la maina a Chingerezi a mbalame za dziko lonse lapansi, lokonzedwa ndi makomiti a anzeru a maiko ambiri, ndipo cholinga chake chinali chakuti mbalame iriyonse ikhale ndi dzina limodzi. Ntchitoyo si yaing'ono, pakuti mitundu ya mbalame pa dziko lapansi iri ngati 11,000, ndipo m'Malawi mokha muli ngati 650. Makolo anati nkhanga zinapangana kusanapse. Koma apa anthu anapangana mochedwa, mabuku atachuluka kale, ndipo ambiri okalamba sanafune kusiya maina amene anakula nao.

Chifukwa chachitatu ndicho chimautsa mapokoso, ndicho cha ulemu ndi chipongwe. Maina ena anali otukwana anthu. Amene anapita ku Joni pa Wenela akumbukira liu loipa limene anthu akuda anali kuitanidwa nalo kumeneko. Liu lomwelo linali pa dzina la mbalame ina ya m'mabango, imene lero ikutchedwa African Rail. Kabakha kena kakang'ono ka m'madambo, kopezekanso ku nyanja ya Chilwa, kanali ndi dzina lonyoza mtundu wa Akhoikhoi, ndipo kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2020 kanasinthidwa kukhala Blue-billed Teal, potsata mtundu wa mlomo wake. Pa maina otere anthu ambiri sanatsutse.

Mkangano unakula pa maina a anthu. Ku America kunali mbalame yotchedwa McCown's Longspur, potsata John McCown, amene anali mkulu wa asilikali ku mbali yofuna kusunga ukapolo pa nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865. M'chaka cha 2020 anaisintha kukhala Thick-billed Longspur. Kenaka pa 1 November 2023 bungwe la American Ornithological Society linalengeza kuti lidzachotsa maina onse a anthu pa mbalame za m'dera lake, kuyambira ndi mitundu 70 kapena 80 ya ku United States ndi Canada. Linaona kuti kuweruza munthu mmodzimmodzi, uyu anali wabwino, uyu anali woipa, ndi mlandu wosatha, ndipo kuli bwino kuti dzina lizinena za mbalame mwini wake. Chiweruzo chimenecho chinali cha mbalame za kwao, osati zathu. Koma utsi wake unafika ndi kuno, pakuti mbalame zambiri za mu Africa ziri ndi maina a alendo.

Timve mbali zonse

Ofuna kusintha amati: dzina lakuti Schalow silimphunzitsa mwana kanthu. Silimuuza kuti ayang'ane tsumba, kapena amvetsere kulira, kapena afunefune m'mitengo ya m'mbali mwa mtsinje. Koma ukamuuza kuti wa nsidze zoyera, wamupatsa kale maso. Amatinso si chilungamo kuti mbalame za dziko lino zisenze maina a anthu amene anadza kudzalamulira, monga ngati eni dziko analibe maso.

Okana amati: dzina ndi chikumbutso, ndipo ambiri mwa anthu aja anavutika ndithu pofunafuna nzeru. Richard Böhm, amene dzina lake liri pa Böhm's Bee-eater, mbalame yokongola imene alendo amadza kudzaona ku Liwonde, anafa ndi malungo pakati pa Africa m'chaka cha 1884 ali mnyamata wa zaka ngati 30. Amatinso kusintha kuli ndi mtengo wake. Mabuku ndi okwera mtengo, ndipo sukulu ya kumudzi imene iri ndi buku limodzi lakale singagule lina chaka ndi chaka. Mnyamata amene anaphunzira maina movutikira kuti apeze ntchito yoperekeza alendo ku Kasungu, ku Liwonde kapena ku South Luangwa ayenera kuphunziranso kachiwiri, ndi kusunga onse awiri m'mutu, pakuti mlendo wokalamba adzafunsa ndi dzina lakale, ndipo wachinyamata adzafunsa ndi latsopano.

Mau a mbali zonsezi ali ndi nzeru. Ndipo dziwani kuti lingakhale dzina la Chingerezi lisinthe, la Chilatini silisintha pa chifukwa cha ulemu kapena chipongwe. Kambalame ka nsidze zoyera kaja m'Chilatini kakali Cossypha heuglini. Chotero chikumbutso sichitayika chonse, ndipo amene afuna kudziwa ngati mabuku awiri akunena mbalame imodzi, ayang'ane dzina la Chilatini.

Munthu wathu amene dzina lake liri pa mbalame

Pali nkhani imodzi imene banja lirilonse liyenera kuidziwa. C. W. Benson anafika ku Nyasaland m'chaka cha 1932 monga wa ntchito ya boma, nakhala mmodzi wa anthu odziwa koposa za mbalame za dziko lino. Iye analemba mndandanda wa mbalame za Nyasaland m'chaka cha 1953, ndipo pamodzi ndi mkazi wake analemba buku la mbalame za Malawi limene linasindikizidwa ku Montfort Press ku Limbe m'chaka cha 1977. Koma m'thengo Benson sanali kuyenda yekha. Kwa zaka zambiri anali ndi Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique amene anadzakhala m'dziko lino. Makawa anali ndi maso akuthwa ndi khutu lodabwitsa, kotero kuti anali kuzindikira mbalame ndi kulira kokha. Anayenda naye Benson kufikira ku zisumbu za Comoro m'chaka cha 1958.

M'chaka cha 1964, m'nkhalango yowirira ya ku Mayau kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, Makawa anagwira kambalame kamene sikanafanane ndi kena kalikonse ka m'mabuku. Chaka chotsatira Benson ndi mnzake Michael Irwin anakalemba monga mtundu watsopano, nakatcha Pogoniulus makawai, polemekeza iye. Kambalame kena kotero sikanapezekenso kufikira lero, ndipo anzeru amatsutsana ngati kali mtundu paokha kapena ai. Koma onani ichi: m'Chingerezi dzina lake ndi White-chested Tinkerbird, lonena za chifuwa chake choyera. Whyte, Sharpe ndi Schalow amatchulidwa pakamwa pa aliyense wotsegula buku, pamene Makawa anabisika m'Chilatini. Iye anamwalira m'chaka cha 1995.

Makawa tikumdziwa chifukwa Benson anamlemekeza. Koma analipo ambiri, alenje, onyamula katundu, ana oweta mbuzi, amene analozera alendo zisa ndi kuwauza makhalidwe a mbalame, ndipo maina ao sanalembedwe pena paliponse. Nzeru zambiri za m'mabuku aja zinayambira m'midzi yonga yathu ino.

Nanga ife tichitenji?

Maina a Chingerezi ali ndi makomiti owasamala, ndi mabuku, ndi makompyuta. Likasintha limodzi, lakale limalembedwa pambali, ndipo silitayika. Koma maina athu ali ndi komiti yanji? Lumbe, mnthengu, namzeze, kakowa, timba, zinziri, nang'omba: awa amasungidwa m'kamwa mwa agogo. Gogo akatsikira kuli chete asanawaphunzitse adzukulu, dzinalo lapita naye, pamodzi ndi nthano zake ndi miyambi yake. Kale mwana anali kuwaphunzira poweta ndi polinda m'munda. Lero nkhalango za mombo zikutha ndi makala ndi zigafa za fodya, mbalame zina zikusowa, ndipo ana ambiri kambalame kalikonse amangoti mpheta. Mwana wotere akamva mwambi wakuti timba sachepa ndi mazira ake, adzaumva bwanji, timbayo asanamuone?

Tisaganize kuti maina athu ndi operewera. Zoona, nthawi zina dzina limodzi lathu limaphimba mitundu ingapo ya m'mabuku, monga nkhulukulu. Ndipo nthawi zina mbalame imodzi iri ndi maina awiri, monga khwangwala amene ena amamutcha khungubwe. Koma taona kale kuti Chingerezi nacho chiri ndi vuto lomwelo. Ndipo maina athu ali ndi ubwino umene Azungu ena akuufunafuna lero: satamanda mfumu kapena msilikali, koma ndi a mbalame zokha. Sadziwanso malire. Nkhwazi imene iri pa mbendera ya Zambia ndi pa chizindikiro cha boma la Malawi ndi nkhwazi ku Mchinji, ndi nkhwazinso ku Chipata.

Tsono tikupemphani, inu abambo ndi amai, chinthu chaching'ono. Mugulire mwana kope limodzi, ndipo pa tsamba lirilonse alembe mizere itatu. Mu mzere woyamba alembe dzina limene agogo atchula, ndi zimene anena za mbalameyo: kumene imamanga chisa, chimene imadya, mwezi umene imafika, ndi m'mene imalirira. Mu mzere wachiwiri alembe dzina la Chingerezi limene aphunzitsi kapena buku linena, ndipo alembe ndi pensulo, pakuti mwina lidzasintha. Mu mzere wachitatu, akalipeza, alembe la Chilatini. Inu ana, musachite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo mukapeza kuti buku lanu latsutsana ndi la aphunzitsi akale, musawaseke, pakuti iwo anaphunzira zoona za nthawi yao. Inunso agogo, musatope kuyankha, ngakhale mwana afunse kawiri.

Mvula ikayandikira anamzeze adzachuluka m'mlengalenga, ndipo lumbe adzalira madzulo m'mphepete mwa mudzi. Imeneyo ndiyo nthawi yabwino yoyambira tsamba loyamba.